Waya wa pa Dimba la Amayi

9 Malichi

Amake ana,

Landirani moni, inu, ana ndi amayi. Ine kuno ndili bwino, kupatula kachifuwa kamene kamandipeza ndikapopera mankhwala m'maluwa, koma si koti musowe nako tulo.

Kalata yanu wandipatsa dalaivala wa lole uja. Ndawerenga zoti amayi anagwa ndi keni ya madzi pakati pa chitsime ndi dimba lawo. Mwati anakhala pansi pomwepo mpaka inu mutabwerako kuchigayo? Nanga mukadachedwa? Aa, izi ndiye ayi. Munthu wamkulu chonchija, mawondo akulira ngati chitseko, azisenza makeni m'mawa ndi madzulo ngati alibe mwana? Anthu akamaona aziti mwana wawo anapita kunja kukadya yekha.

Ndiye mumve bwino. Khasu lawo ndi makeni onse awiri mukasiye kwa alamu, achimwene anu. Chitseko cha mpanda wa dimbalo mumange ndi waya, osati chingwe, chingwe amayi amasula ngakhale ndi mano. Waya ulipo wotsala pa khola la nkhuku. Dimbalo azilima ndi alamu, ine ndiziwaonera kangachepe mwezi ukatha. Amayi azikhala pakhonde, masamba aziwapeza ali m'mbale. Akakwiya muwauze kuti walamula ndine, mlanduwo ukhale wanga.

Ntchito ndinaipeza ija ikuyenda. Ndikusamala maluwa ndi kapinga panyumba ya madala ena ofedwa, akulu kuposa amayi. Ndimawatchula Achipewa, poti chipewa chawo sachivula ngakhale pakudya. Ndi munthu wovuta mokoma. Anandilemba ntchito okha, koma sizasi yodulira maluwa salola kuti ndiigwire. Ine ndikankhe wilibala, nditchetche kapinga, ndikumbe. Kudula ndi kwawo. Ndikangodulako kanthambi kamodzi amadziwa, kaya anaziwerenga nthambizo.

Dalaivala akupatsani ya fizi ya wamkulu ndi nsapato za wamng'ono. Zikamukulira muikemo pepala, azipeza m'tsogolo. Kuno zinthu zakwera, buledi ndikugula watheka.

Ndine mwamuna wanu.

20 Epulo

Amake ana,

Ndakondwa kumva kuti nonse mwadzuka bwino ndipo bondo la amayi laphwa. Inenso ndilipo.

Uthenga wawo ndaumva ndipo ndaseka ndekha m'chipinda mpaka mnzanga wogona naye, makanika uja, kundifunsa ngati mutu ukuyenda bwino. Ati, "Mukamuuze kapitawo wanuyo kuti mimba yakeyo inakula ndi mpiru wa m'dimba lomwelo." Ee, ndavomera, ndine kapitawo. Bola anditukwane ali ndi miyendo yonse iwiri. Zoti anayesa kumasula waya mpaka kudzicheka chala sizinandisangalatse. Mumange pamwamba, pomwe sangafikire, ndipo nsonga zake muzipinde ndi pulayala.

Mwati alamu azula zonse n'kuwokera tomato yekhayekha m'mizere, ndipo amayi anawalalatira ali kunja kwa mpanda mpaka oyandikana nawo kutuluka m'nyumba. Alekeni alamu. Kulima kwa amayi nanunso mukukudziwa: therere pano, dzungu likuyanga pamwamba pa tsabola, nyemba zikukwera mtengo wa mandimu, munthu osadziwa poponda. Iwo okha ndiwo ankadziwa njira. Tomato wa m'mizere amagulika. Koma mtengo wa mandimu asaukhudze, umenewo anadzala ndi malemu abambo.

Kuno ndiye ndaona malodza. Achipewa sathanso kuwerama, ndiye andikhometsa mabokosi a matabwa okhala ndi miyendo, ofika m'chiuno, tadzazamo dothi ndi manyowa. Munda wa patebulo, amake ana! Amalima ataimirira, akatopa amakhala pa kampando, kakhasu kawo ngati supuni. Tsiku lonse amathera pa mabokosi atatu, ntchito yoti ine n'kuimaliza tiyi asanazizire. Ndimangoseka chamumtima.

Dzana anandifunsa za kwathu. Ndinawauza monyada kuti mayi anga ndawapumitsa, dimba ndatseka, ndaika wowalimira. Ndinkati andiyamikira. Anangondiyang'ana pansi pa chipewa chija, kenako n'kuti ndiwapatse keni.

Chipinda chathu cha kuseri kwa galaja chikudontha pomwe pali mutu wanga, ndatembenuza mphasa. Masiku ano sitikuyendayenda madzulo, pali zina zikuchitika m'misewu. Ndidzanena pamaso.

Mwamuna wanu.

2 Juni

Amake ana,

Moni nonse. Kuno kwazizira koti zala zikukana kugwira mpini m'mawa. Kachifuwa kaja kakula pang'ono, koma ndikumwa madzi otentha.

Tamvani zachitika. Achipewa anaterereka pa sitepe yonyowa akupita kumabokosi awo aja, n'kuthyoka fupa la m'chiuno. Ndinawapeza ndine, ali chagada, chipewa chili uko. Sanalire ayi, ankangondiuza kuti nditseke mpope, madzi akuwonongeka. Pano ali kuchipatala.

Kwabwera mwana wawo wamkazi wochokera kutali. Ndamupatsa dzina loti Mayi Makiyi, poti amayenda ndi mulu wa makiyi ukulira m'manja. Si munthu woipa, ndinamuona akulira yekha m'galimoto. Watsekera zida zonse m'kanyumba, wandipatsa kiyi mmodzi, ndipo wandiuza m'maso muli gwa kuti bambo ake akatuluka asadzagwirenso chida chilichonse, ngakhale kutsika sitepe. Ndikadzawalola, ntchito yatha. Ndinamuyankha kuti asadandaule, inenso kwathu ndinachita chimodzimodzi.

Mwaona tsono? Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Pano pali madokotala ndi galimoto pakhomo, koma taonani. Nanga amayi akadathyoka chonchi, tikadawanyamula pa chiyani? Muwawerengere ndime imeneyi, mwina asiya kundiona ngati mdani.

Mwati masiku ano sakuvutanso, sapitanso kumpanda kukakangana ndi alamu. Mtima wanga wakhala pansi. Ndimadziwa kuti azolowera. Ndaika bulangete m'katundu, ndi lawo, ana asalilande.

Makanika uja anatengedwa ndi apolisi sabata yatha ali pantchito, mpaka pano sitikudziwa komwe ali. Zovala zake ndazipinda. Lendi tsono ndikulipira ndekha, ndiye mwezi uno muona kuchepa. Za mapepala anga musamafunse m'kalata.

Ndine wanu.

17 Julayi

Amake ana,

Ndikhulupirira muli bwino. Ine ndilipo, kungoti tulo tikuvuta.

Achipewa anatuluka m'chipatala. Amayenda pang'onopang'ono ndi chogwirira cha miyendo inayi, ndipo awaikira mpando pawindo loyang'ana kumaluwa. Ino ndiyo nyengo yodulira maluwa a rozi, ndiye sizasi ija tsopano ili m'manja mwanga. Masiku oyamba ndinkati ndikangoiika pa nthambi, ndimve go go go pagalasi, akugogoda ndi supuni. Ndikatsitsa, go go go. Ndikakweza, go go go. Ndinkachita kutukwana chamumtima kuti madala awa andipenga nawo.

Sabata ino sanagogode. Lachiwiri ndinadula dala molakwika, nthambi yabwinobwino yokhala ndi maso atatu, ndikuyang'ana pawindo. Anaona. Anangotembenuzira nkhope kukhoma. Mayi wophika akuti mbale zikubwerera momwe zapitira, ndipo chipewa chija chili pa msomali. Dokotala akuti fupa lalumikizana bwino. Nanga chikuwadya n'chiyani?

Ndawerenganso kalata yanu ija. Munalemba kuti amayi amakhala pakhonde atafulatira dimba, ndiponso kuti chitenje akuchizunguliza kawiri. Poyamba ndinangodutsapo. Tandiuzani zoona, musandisungire mtima: kusavuta kwawoko n'kotani? Akudya? Amadzuka nthawi yanji, poti kale ankadzutsa ndiwo nkhuku? Akamva alamu akuthirira, amatani? Amanditchulabe kapitawo, kapena dzina langa silikumvekanso?

Sindikuti mumasule waya ayi. Kugwa ndakuona ndi maso anga, si masewera. Ndikungofuna kudziwa. Mumupatse dalaivala yankho ulendo womwewu, asachoke opanda kalata.

Tomato wa alamu ngati wayamba kupsa, woyamba apatsidwe amayi.

Mwamuna wanu.

10 Ogasiti

Amake ana,

Moni. Sindichulutsa za moyo, ndili bwino. Yankho lanu lafika ndipo landilasa. Mwati tomato uja amayi anamuyang'ana n'kunena kuti, "Mubwezereni mwini dimba." Mwatinso dzuwa limawatulukira ali m'nyumba. Mayi anga, amene ankati kugona mpaka mame kuuma ndi matenda!

Ndikuuzeni zomwe ndachita kuno. Lachisanu Mayi Makiyi atapita kutauni, ndinanyamula duwa limodzi la mumphika, ndinaliika pa kampando patsogolo pa Achipewa, n'kuwaika sizasi pamwendo. Ndinati, "Bwana, ili landikanika." Linali bodza, iwonso anadziwa. Anakhala kaye osaligwira. Kenako dzanja lija, lonjenjemera loti supuni imataya tiyi, linagwira sizasi n'kukhazikika. Anazungulira nalo duwalo ndi maso, kudula apa, kudula apo, akung'ung'udza kuti ndaliwononga, ndine mmisiri wa nkhuni osati wa maluwa. Kunditukwana kumeneko ndinakumva kukoma. Masana anadya n'kupempha china.

Atatha anandifunsa kuti, "Mayi ako aja ukuwatsekerabe?" Ndinati ee. Anati, "Iwe ndi mwana wanga ndinu amodzi. Mukuopa maliro, ndiye mwayamba kutiika tili moyo." Ndinapita kuseri kwa kanyumba ka zida n'kukalira ngati mwana.

Ndiye chonde, tsiku lomwe mulandire kalatayi, masulani waya uja. Khasu ndi makeni zibwerere. Alamu muwathokoze, akolole tomato wawo, koma hafu ya kufupi ndi chitseko aisiye. Njerwa zotsala zili kuseri kwa bafa zija, amange nazo mabedi awiri okwera. Asayeze ndi tepi, ayeze amayi: kutalika kufika m'chiuno mwawo, kufupika koti dzanja lawo lifike pakati osawerama. Pansi aike miyala ndi zinyalala, pamwamba dothi lakuda ndi manyowa a nkhuku akale, osati aawisi, angatenthe mbande. Njira isalazidwe, pasakhale muzu wopunthwitsa. Mgolo wathu wa madzi uja muuike pafupi, ana azidzazamo madzi asanapite kusukulu, amayi azitunga ndi kachitini. Mpini wa khasu ukhale wautali ndi wopepuka. Ndipo akadzala dzungu pamwamba pa tsabola, asapezeke wotsegula pakamwa.

Munda wa patebulo ndinkauseka uja, lero ndi umene ndikukupemphani. Musekeni mwamuna wanu, akuyenera.

Mayi Makiyi anaona zodulidwa pansi n'kuzindikira. Sanandichotse, koma wati ndi komaliza. Akuti nyumbayi aigulitsa, bambo ake apita kosungirako okalamba. Za ine sananene.

Muwauze amayi kuti kapitawo wagonja.

Wanu.

21 Sepitembala

Amake ana,

Moni kwa nonse. Kalata yanu ndaiwerenga kambirimbiri mpaka yayamba kung'ambika mopinda.

Mabedi mwamanga, zikomo, alamu ndawagwira mwendo. Koma mwati mutamasula waya n'kuwaitana, amayi anabwera ndi ndodo, anasuzumira m'kati, anatola wayayo pansi n'kumanganso chitseko okha. Ati, "Anamanga ndani? Amene anamanga ndiye adzamasule. Ine sindilowa m'dimba mwanga ndi chilolezo cha papepala." Amenewo ndiwo mayi anga. Ndinaseka, kenako kuseka kunandithera pakamwa.

Chandiopsa ndi china, chimene inu mwachilemba ngati nkhani yabwino. Mwati adzukako, masiku atatu akhala akuyenda m'makomo kugawa mbewu zawo za m'zitini zija, therere, nyemba, mpiru, maungu, mpaka zitini kutsala zopanda kanthu, ndipo ana akuseweretsa. Amake ana, simunaone? Chibadwire changa amayi sanagawepo mbewu osasiyako yawo. Ngakhale chaka cha njala chija tinagona ndi njala nyemba zili m'chitini, ankati imeneyo si ndiwo, ndi chaka chamawa. Munthu wogawa mbewu yonse sakuyembekeza kudzala. Musawasiye okha. Usiku wamkulu azigona nawo.

Ndikubwera. Koma mundimvetse, ndikangodutsa pachipata cha m'malire paja mapepala anga ali mmene alilimu, kuno sindidzabwereranso, ndipo fizi ya ana mukudziwa komwe imachokera. Mayi Makiyi wandipempha ndikhale mpaka kumapeto kwa Okutobala, ndikonze pabwalo ogula nyumba asanabwere, ndipo malipiro onse adzandipatsa pamenepo. Ndikachoka lero ndifika ndi manja okha. Ndagona nazo, ndadzuka nazo. Ndasankha kudikira, mvula idzakhala isanagwe, nthawi yofesa ikadalipo.

Apa muwawerengere mokweza, pang'onopang'ono, mutakhala pafupi ndi khutu lawo labwino lija.

Amayi, ndine mwana wanu. Ndinalakwa. Ndinkaopa kuti mudzagwa ine kulibe. Dimba ndi lanu, ine ndilibe ngakhale phando limodzi m'menemo. Mwezi wamawa ukamatha ndifika, ndidzagwada pachitseko, ndidzamasula ndi manja angawa inu mukuona, ndipo mudzanditukwane mpaka mutatopa. Keni ndizidzanyamula ndine, inu muzidzangoloza. Mundidikire, amayi. Idyani, kuti mudzakhale ndi mphamvu zondikalipira.

Ndine mwana wanu, ndi mwamuna wanu.

19 Okutobala

Amake ana,

Sindikufunsani ngati muli bwino. Dalaivala wafika dzulo. Nditamuona wavula kapusi asanandipatse moni, ndinadziwa. Wati amayi munawaika Lachitatu lapitalo, ndipo anthu anabwera ambiri. Zikomo pondiimirira, inu ndi alamu. Munawasambitsa, munawatseka maso, ntchito yanga munagwira ndinu. Sindidzakubwezerani.

Wandiuza kuti mawu anga aja munawawerengera, ndipo anafunsa kuti, "Wati mwezi uti?" Mutawauza anangoti, "Oo." Ndakhala ndikumumva "oo" ameneyo kuyambira dzulo. Sindikudziwa ngati anali wovomera kapena wondiseka. Inu munalipo, mudzandiuze mmene anamutchulira, musadzandinamize.

Lachitatu limenelo, amake ana, ine ndinali kuphwasula mabokosi a Achipewa. Eni akewo anawatengera kosungirako okalamba m'mawa wa tsiku lomwelo. Pokwera galimoto anandigwira dzanja n'kufunsa ngati mayi anga alowa m'dimba. Ndinati alowa. Anati, "Wachita bwino, mwana wanga." Ogula nyumba safuna maluwa, akuti paikidwe simenti poimika magalimoto. Ndinazula misomali, ndinataya dothi, ndikuimba nyimbo, osadziwa kuti kwathu akukumba.

Malipiro aja andipatsa sabata yamawa. Ndinawadikira, ndiwalandira, koma sindikudziwa kuti ndidzawayang'ana bwanji. Ndikwera lole yomweyi ikadzabweranso. Musatumize ana kumsewu, ndidzafika ndekha.

Alamu akufunsa ngati angalowe kukazula mitengo ya tomato mvula isanagwe. Muwapepese, adikire. Udzu umere, nkhuku zilowe pansi pa mpanda, zilibe kanthu. Waya uja asaukhudze munthu, ngakhale inu. Ine ndinangolamula pakalata, munamanga ndinu; koma mfundo ili pachitseko panopa anapota ndi amayi, ndi zala zawo. Ndiyo ntchito yomaliza imene anagwira pa dimba lawo. Ndikufuna ndidzaione kaye mmene anaipotera, ndisanamasule.

Ndine mwamuna wanu.